Ndinagwadira Mbale ya Galu

1

Dzina langa ndine Verna Kostelnik. M'tauni yathu ya m'mbali mwa mtsinje wa Ohio, aliyense amene anali ndi mbale yakale yagalasi ankandiopa. Kwa zaka makumi atatu, Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ndinkakhala patebulo m'holo ya tauni, magalasi ali pamphuno, anthu atandanda pamzere ndi mabakuli a agogo awo atawafunditsa matawulo ngati makanda. Ntchito yanga inali kuwauza mtengo wake. Koma chimene chinkanditsekemera kwenikweni chinali kuwauza kuti anyamula zinyalala.

"Ili linali la apongozi anga," anatero mayi wina tsiku lina, akuika bakuli lachikasu patsogolo panga. "Anandiuza kuti ndi chuma."

Ndinalitembenuza. Ine chilichonse ndimayamba ndachitembenuza, ndipo ndinkakonda kuuza anthu kuti mbale imanama pamwamba, kunsi siinama.

"Apongozi anuwo ankakukondani?"

"Kwambiri."

"Ndiye ankakunamizani mwachikondi. Uwu ndi ukwati, mayi."

Pakati pa ife osonkhanitsa mbale zakale, mawu akuti ukwati ndi onyoza. Timatero munthu akatenga chivindikiro cha kwina n'kuchikhazika pa bakuli la kwina kuti zioneke ngati zinabadwira limodzi. Patali zimaoneka bwino ndithu. Ukangogwedeza pang'ono, chivindikirocho chimalira gwedegwede.

"Madola asanu ndi atatu," ndinatero. "Atatuwo ndi a thawulo."

Tchimo lina limene sindinkakhululuka ndi kuika mbale yakale m'makina otsukira mbale. Madzi otentha ndi sopo wa mmenemo zimadya utoto, mbale n'kutuluka itatuwa ngati phulusa. Mkazi wa abusa athu ndinamulizapo pagulu pa nkhani imeneyi, ndipo sindinapepese.

Kukwatiwa sindinakwatiwepo. Amuna nawo ndinkawatembenuza, ndipo aliyense ndinkamupeza ndi mng'alu. Ndinafika zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi ndili ndekha ndi mabakuli mazana atatu, ndikudzitcha wodala.

2

Mwezi wa Malichi kunamwalira Noreen Brandt, mnzathu wa kutchalitchi. Kwathu kukagwa maliro, mkazi aliyense amaphika chakudya m'bakuli n'kukasiya kwa anamfedwa. Kunsi kwa bakuli amamatako tepi yolembapo dzina lake kuti lidzabwerere kwa mwini, ndipo bakuli la mnzako sulibweza lopanda kanthu. Umaikamo ngakhale timabisiketi tiwiri.

Tsono mwamuna wa Noreen, a Lowell, anali ndi mano awo enieni onse, komanso ankayendetsabe galimoto. Mwamuna wotere kwathu sakhalitsa pamsika. Sabata isanathe, akazi amasiye a tauni yonse anali atakumbukira mwadzidzidzi kuti Noreen anali mnzawo wapamtima. Ena anapita atakonzetsa tsitsi, kukapepesa maliro.

Ine ndinapita pongokwaniritsa mwambo, nditanyamula makaroni ndi tchizi m'bakuli lotchipa kuposa onse amene ndinali nawo.

"Ikani paliponse pamene mungapeze malo, Mayi Kostelnik," anatero a Lowell. "Ndili ndi makaroni okwanira kudyetsa asilikali."

Ndikufunafuna malowo, ndinamva lapu lapu lapu pakona. Galu wokalamba, wonenepa, wonunkha, ankamwa madzi. Ndinayang'ana chimene ankamweramo, ndipo mutu wanga unaima.

Chinali chivindikiro chogadamitsa, chabuluu ngati thambo, njuchi zagolide zitazungulira m'mphepete mwake. Fakitale ya magalasi ya m'tauni yathu, imene inatsekedwa kalekale, inapanga mabakuli a njuchi makumi anayi okha pa Khirisimasi ya 1958, n'kugawira antchito ake. Sanagulitsidwepo m'sitolo. Pali anthu amene afa akufunafuna ngakhale chibenthu chake, ndipo apa chigalu chinali kuthiramo dovu.

Sindikudziwa kuti ndinagwada nthawi yanji. Ndinangozindikira maondo ali pansi, nkhope ili pafupi ndi chivindikirocho, ndikuwerenga njuchi. Zinali zonse khumi ndi ziwiri, popanda yofufutika. Galuyo anandinyambita khutu.

Nditadzutsa mutu, a Lowell anali akupukuta misozi.

"Mukudziwa," anatero, "sabata ino m'khitchini muno mwalowa akazi khumi ndi anayi. Onse amandifunsa ngati ndikugona bwino. Inu nokha ndi amene mwapereka moni kwa Buster. Nayenso waferedwatu."

Agalu ine ndimadana nawo kuyambira ndili mwana. Koma ndinatambasula dzanja n'kusisita mutu wonunkhawo.

"Iii, Buster wachisoni," ndinatero.

3

Mukhoza kufunsa kuti bwanji sindinangopempha kuti andigulitse. Chifukwa choyamba n'chakuti Verna Kostelnik akafunsa mtengo wa chinthu, tauni yonse imadziwa kuti ndi chuma. Chifukwa chachiwiri ndikuuzani tikafika.

Ndinayamba kupitako Lachitatu lililonse, ati kukaona galu.

"Galuyu akufunika mbale yabwino," ndinatero ulendo wachiwiri. "Chimenechi n'chakale, chingamucheke lilime."

"Ha, yesani," anatero a Lowell. "Samwera pena. Noreen ndi amene anamuzoloweza. Nthawi ina ndinamugulira yapulasitiki, anakhala masiku awiri osamwa, akundiyang'ana ngati ndamubera."

Choncho ndinayenda ndi Buster m'mbali mwa mtsinje. Ndinatola zimene Buster ankasiya m'njira. Makhoti anga onse anadzaza ubweya. Nthawi zonse akamakankha chivindikirocho ndi mphuno, chikukwekwereza pansi, mtima wanga unkachita ngati ukuthothoka.

A Lowell anali atagwira ntchito yogawa makalata moyo wawo wonse, ndipo ankadziwa nkhani za khomo lililonse, koma sankanyoza munthu. Ine ndikanyoza, ankaseka mpaka kutsokomola.

"Pakamwa panupa, Verna, pakanakhala pa galu, akanakumangirirani," ankatero.

Anandikonzera sitepe ya pakhomo panga imene inakhala ikugwedera zaka zisanu ndi ziwiri. Anadya makaroni anga osadandaula, ngakhale kuti ine ndimadziwa mbale, kuphika sindidziwa. Tsiku lina mu Juni, tikudya chitumbuwa cha maapozi pakhonde, anasiya kunditchula kuti inu.

"Iwe Verna, tasuntha kuno, dzuwa likukuwomba."

Ndinasuntha. Pobwerera kwathu madzulo amenewo ndinaimitsa galimoto pambali pa msewu, chifukwa ndinazindikira chinthu chimene chinandiopsa. Ndinali nditakhala m'nyumba imeneyo maola anayi osayang'ana pakona ngakhale kamodzi. Nkhalamba ine, ndi magalasi anga ndi pakamwa panga, ndinali nditamukonda munthu. Ndinamukondadi, ndipo zimenezi muzikumbukire mukamandiweruza.

4

Noreen anali ndi mng'ono wake, Maxine. Awiriwa ankapemphera tchalitchi chimodzi, wina kumanja wina kumanzere, koma kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi sankamwerana madzi. Pamaliro a mkulu wake, Maxine anaima kumbuyo kwenikweni, n'kuchoka nyimbo yomaliza isanathe.

Lachitatu lina a Lowell anandipeza ndikuthira madzi m'chivindikiro chija.

"Chinali ndi bakuli lake chimenecho," anatero. "Bambo ake a Noreen ankagwira ntchito kufakitale. Anamupatsa tsiku la ukwati wathu. Maxine zinamupweteka kwambiri, ankati nayenso ndi mwana wa nyumba yomweyo."

"Ndiye linasweka?" ndinafunsa, ndikuyang'ana galu.

"Linabedwa. Pamaliro a bambo awowo, tangoganiza. Noreen anaphikiramo mbatata, chivindikiro anachisunga m'chikwama kuti chisasweke. Anthu atatha kudya m'holo ya tchalitchi, bakuli osaoneka. Wotsuka mbale tsiku limenelo anali Maxine."

"Anavomera?"

"Analumbira atagwira Baibulo. Noreen anamutcha wakuba pamaso pa abale onse, maliro a bambo awo asanazizire. Chivindikirocho anapatsa galu wathu woyamba chifukwa cha ukali, kuti asamachionenso patebulo. Ali m'chipatala ndinamufunsa kuti, ndimuitane Maxine? Anati abwere ndi bakuli."

"Zomvetsa chisoni," ndinatero.

"Ine mbale zonse ndimaziona chimodzimodzi, Verna. Sindimvetsa kuti galasi lingadye bwanji banja." Kenako anatulutsa kabokosi ka mphete m'thumba la malaya. "Maondo anga salola kugwada. Wogwada m'nyumba muno ndiwe. Undilola?"

Ndinalola. Akazi khumi ndi anayi aja anasiya kundipatsa moni, ndipo ndinasangalala nazo koposa.

Lamulungu lotsatira, Maxine ananditsekera njira pakhomo la tchalitchi. Anali kamayi kakang'ono, kowuma, ka maso akuthwa.

"Ndamva, Verna. Zabwino zonse. Mlamu wangayo ndi munthu wabwino, ngakhale amabisa masipuni ndikamadutsa."

"Zikomo, Maxine."

"Iwe umadziwa mbale ya nyumba iliyonse m'chigawo chino. Ukadzaliona bakuli la njuchi lija, udzanditsine khutu. Sindikulifuna ayi. Ndikungofuna ndidzaikidwe m'manda ngati munthu, osati ngati mbava."

"Ndidzatero," ndinayankha, ndipo mawu anga sananjenjemere n'komwe.

5

Tafika tsopano pa chifukwa chachiwiri chija.

Kutatsala mwezi kuti tikwatirane, ndinagula mbale yachitsulo n'kumaipaka mafuta a nyama yankhumba tsiku ndi tsiku. Buster anaiwala Noreen m'masiku atatu.

"Wamulodza," anatero a Lowell. "Chakalecho tingotaya."

"Ndikataya ndine," ndinatero.

Nditafika kwathu ndinatseka makatani, ndinakwera pampando, ndinatsitsa bokosi la nsapato kuseri kwa mabulangete. Munali bakuli labuluu la njuchi zagolide.

Inde, ndinali ine.

Tsiku la maliro lija ndinalowa m'khitchini ya tchalitchi kukatenga bakuli langa. Maxine anali atatuluka kukalirira panja. La njuchi linali patebulo, lotsukidwa, likuwala. Ndinangofuna kuligwira, ndinadziuza choncho. Ndinalitembenuza, ndinamatula tepi ya Noreen, ndipo pansi pake ndinapeza mawu ogoba pagalasi penipeni ndi chitsulo cha kufakitale: Kwa Noreen, kuchokera kwa Bambo. Munthu wabwino akanalibweza pomwepo. Ine ndinang'amba tepi yatsopano, ndinalemba kuti V. Kostelnik, ndinamata pamwamba pa mawuwo, ndinaliphimba ndi thawulo. Ndinatuluka nalo ndikupepesa anamfedwa mmodzimmodzi. Noreen ndinamukumbatira ndi dzanja limodzi.

Onani tsono phindu la kuba kwanga. Kugulitsa sindikanatha, kuonetsa munthu sindikanatha, kuika pashelefu sindikanatha. Chuma chachikulu cha moyo wanga chinakhala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi m'bokosi la nsapato. Tepi ija sindinaimatulenso, chifukwa sindinkafuna kuwerenga zimene zinali pansi pake. Lamulungu lililonse ndinkaona ana awiri a bambo mmodzi ataonetsana misana, ine ndikuimba nyimbo pakati pawo.

Ndinakhazika chivindikiro pa bakuli. Chinangoti khwa, osagwedera ngakhale pang'ono. Ndinalira, ndipo sindikunamizani kuti ndinkalirira Noreen.

Maganizo anga anali abwino, mwa mtundu wake. Bakuli limeneli sindikanalowa nalo m'nyumba ya a Lowell, ndipo ndinali nditasankha a Lowell. Ndinati ndiliyang'ane tsiku limodzi lokha lili lathunthu, mawa ndikaliponye mumtsinje. Mawa litafika ndinati mawa. Linakhala patebulo la m'khitchini masiku asanu ndi anayi.

6

Tsiku lakhumi linali Loweruka loyamba la mwezi. Ndinapita kuholo kukanyoza mbale za anthu monga mwa nthawi zonse. Ndinaiwala kuti a Lowell ndinali nditawapatsa kiyi, komanso kuti analonjeza kubwera ndi makatoni kudzandithandiza kulongedza.

Ndinabwerera cha m'ma thiri koloko. Galimoto yawo inali pakhomo. Nditatsegula chitseko ndinamva fungo la nthunzi ndi sopo. Makina otsukira mbale ndinawapeza m'nyumbamo pogula, ndipo ndinkatsukiramo mapoto okha, pa moto wake wonse.

A Lowell anali atakhala patebulo. Patsogolo pawo panali bakuli lotuwa, lambuu. Pamene panali njuchi panatsala timadontho tachikasu. Pambali pake panali katepi konyowa, kopindika.

Ndikanatha kunena zambiri. Ndikanatha kugwada kachiwiri, ulendo uno moona. Koma zimene zinatuluka pakamwa panga ndi izi:

"Mwaliika m'makina? Mayo, njuchi zanga!"

A Lowell anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndakhala pano ola lathunthu, Mayi Kostelnik, ndikudikira kuti ndimve mawu anu oyamba akhala otani."

Mayi Kostelnik. Osatinso Verna.

"Nditalowa n'kuliona patebulo, ndinalira," anapitiriza. "Ndinati mkazi uyu wafunafuna mpaka wapeza linzake la bakuli la Noreen, akufuna andidzidzimutse pa ukwati. Ndinaona dzina lanu kunsi. Ndiye ndinati chivindikirochi chikununkhabe Buster, ndimutsukire zonse ziwiri bwinobwino. Ndinakuuzani kuti ine za mbale sindidziwa."

Analitembenuza. Mawu aja anali poyera, oyera kuposa tsiku limene anagobedwa.

"Lowell, ndimvere..."

"Ndifunse chimodzi chokha. Tsiku lija munagwada m'khitchini mwanga, munkagwadira Buster?"

"Ayi."

"Nanga Lachitatu lililonse lija?"

"Poyamba chinali chivindikiro. Kenako munali inu. Ndikulumbira."

"Maxine nayenso analumbira," anatero. "Iye sitinamukhulupirire, ndipo ankanena zoona."

Anakhazika chivindikiro pa bakuli, analinyamula ndi manja awiri, analigwedeza pafupi ndi khutu monga ankandionera ndikuchita. Silinalire.

"Izi ndiye zinabadwira limodzi," anatero. "Ife tikanakhala uja mumautcha ukwati uja. Patali timaoneka bwino."

Anaika kiyi yanga patebulo, anatuluka. Ndinayang'ana pazenera. Galimoto sinakhotere kwawo, inakhotera kwa Maxine.

7

Mphete ndinaitumiza pa positi. Patapita masiku awiri ndinapeza pakhonde bakuli langa lotchipa lija la makaroni, tepi ya dzina langa ili pomwepo. Ndinatsegula. Munalibe kanthu, ngakhale nyenyeswa ya bisiketi.

Mwezi wotsatira ndinadzilimbitsa mtima n'kupitabe kuholo. Anthu anadzaza kuposa kale, koma mbale zinali zochepa. Woyamba pamzere anali Maxine. Anafundukula thawulo, ndipo linali bakuli lija.

"Tandiuza mtengo wake, Verna."

"Maxine, chonde, tikambirane kwina."

"Kwina kuti? Ine ananditcha wakuba pagulu. Tembenuza. Si umati kunsi sikunama?"

Ndinalitembenuza. Wina kumbuyo anati, "Tawerengani mokweza, ena sitikuona!" Anali mkazi wa abusa uja.

"Njuchi zikanakhalapo, madola zikwi zisanu," ndinatero. "Mmene lililimu, palibe angagule."

"Wachepetsa," anatero Maxine. "Ine linanditengera mkulu wanga."

Ndinavula magalasi, ndinanyamula chikwama, ndipo patebulo limenelo sindinakhaleponso.

Masiku ano bakulilo limabwera pa chakudya chilichonse cha kutchalitchi. Maxine amaphikiramo mbatata, amakokota pansi pake ndi sipuni yachitsulo akundiyang'ana m'maso, kenako amaliponya m'makina. A Lowell amakhala naye benchi imodzi, mlamu ndi mlamu, ndipo Lamulungu lina ndinawaona awiriwo akupita ndi maluwa kumanda a Noreen. Akazi khumi ndi anayi aja ayambiranso kukonzetsa tsitsi.

Inu amene mukuwerenga, ndikudziwa kuti mwaseka, ndipo sekani, inenso ndikanaseka akanakhala wina. Koma pafupifupi aliyense ali ndi kabokosi ka nsapato kuseri kwa mabulangete, ndipo kwinakwake kuli munthu amene akusenza mlandu wa zimene zili mmenemo. Musadikire mawa ngati ine. Tsitsani, matulani tepiyo ndi dzanja lanu mwini wake adakali moyo. Noreen anafa akudana ndi mng'ono wake, ndipo zimenezo palibe sopo angazichotse. Ine ndinatha zaka makumi atatu ndikutembenuza mbale za anthu ena, yanga ndikuiopa.

Lachitatu ndimayendabe m'mbali mwa mtsinje, nthawi yomwe ija. A Lowell akandiona amayang'ana madzi. Koma Buster amakoka chingwe mpaka kutsamwa, mchira uli pukupuku, ndipo iwo amaima poti galu wokalamba sungamukoke. Ndimagwada pamatope, maondo akulira, iye n'kundinyambita khutu. M'tauni yonseyi watsala ndi iye yekha amene amakhulupirira kuti tsiku lija ndinagwadira iye, ndipo sindinapeze mtima womuuza.